Munda wa Pansi pa Mango: Ulendo wa ku Nyimba ndi ku Petauke

Aliyense amene anayendapo m'mwezi wa Okutobala pa msewu waukulu wa kum'mawa, wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, amadziwa kuti chuma choyamba cha dera limeneli ndi mthunzi. Pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa m'chaka cha 1968 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 230 kuchokera ku Lusaka, pamakhala masiku amene kutentha kumapyola madigiri 40. Amayi ogulitsa nsomba zouma, madengu ndi mphasa amabisala m'zisakasa, mbuzi zimagona pansi pa malole oima, ndipo wapaulendo akatsika m'basi amayamba wafuna mtengo asanafune chakudya. Kuchoka pamenepo msewu umakwera mokhotakhota m'mapiri a ku Kacholola, n'kufika pa Nyimba, n'kupitirira mpaka ku Petauke, dziko la Ansenga. M'chilimwe tchire lonse limakhala louma, lina litapsa kale n'kusanduka lupsa, koma mudzi uliwonse umaonekera patali chifukwa cha mitengo yake ya mango imene imakhala yobiriwira chaka chonse.

Pansi pa mitengo imeneyi ndi pamene moyo wa banja umachitikira. Ndi pomwe amayi amatong'olera chimanga ndi kuswa mtedza, umene kuno amautcha nshawa. Ndi pomwe ana amalembera ntchito ya kusukulu, ndiponso akuluakulu amakambira milandu. Koma nthaka yake imakhala mbee, yosesedwa bwino, yopanda ngakhale kaudzu kamodzi, ndipo ambiri timakhulupirira kuti mumthunzi simumera kanthu. Ulendo wathu wa ku Nyimba ndi ku Petauke unali wokaona ngati zimenezi n'zoona. Tinapeza kuti alipo mabanja amene anasandutsa mbali imodzi ya mthunzi wao kukhala kamunda kokongola, popanda kuononga ndalama ndiponso popanda kutaya madzi ambiri.

Duwa la kutali

Chimene chinautsa nkhaniyi ndi zithunzi zimene masiku ano zimayenda m'mafoni, zoonetsa minda ya ku Ulaya ndi ku America. M'zithunzizo mumaoneka kawirikawiri chomera chachifupi cha masamba otambalala, obiriwira pakati koma oyera kapena achikasu m'mphepete, chitadzaza pansi pa mitengo. Dzina lake ndi hosta. Kwao kwenikweni ndi ku Japan, ku Korea ndi ku China, kumene chimamera m'nkhalango ndi m'mbali mwa timitsinje ta m'mapiri. Dzinali linaperekedwa m'chaka cha 1812 polemekeza Nikolaus Thomas Host, dokotala wa ku Austria amene analinso katswiri wa zomera. Dokotala wina wa ku Germany, Philipp Franz von Siebold, amene anagwirapo ntchito ku Nagasaki, ndiye anatengera mitundu yambiri ya chomerachi ku Ulaya cha m'ma 1830. Lero mitundu yake ilipo zikwizikwi. Ina ndi yaikulu yofika m'chiuno mwa munthu, ina ndi yaing'ono yokwana m'kapu ya tiyi. Ku Japan mphukira zake zanthete amazidya ngati ndiwo, ndipo amazitcha urui.

Nanga n'chifukwa chiyani sitikulangiza awerengi athu kuti aitanitse duwa lokongola chotere? Yankho n'lakuti hosta ndi mwana wa dziko la chisanu. Chaka chilichonse masamba ake amafota n'kufa, ndipo mizu imagona kwa masabata angapo m'nthaka yozizira kwambiri, yosafunda kupyola madigiri 5 kapena 6. Tulo timeneti ndi timene timapatsa chomerachi mphamvu yophukiranso. Kuno kwathu, ngakhale m'Juni ndi m'Julayi pamene timaotha moto m'mawa, dzuwa likakwera kumafundanso, ndipo nthaka siikhala yozizira nthawi yaitali chotero. Hosta wodzalidwa ku Petauke angaoneke bwino chaka choyamba, koma amanka nachepa chaka ndi chaka kufikira atatheratu. Ku Nyimba, kumene n'kotsika ndiponso kotentha kuposa ku Petauke, kutha kwake kungafulumire. Banja limene lingapereke ndalama ya sopo ndi mchere kugulira chomera chimenechi lingakhale litagula chisoni.

Komatu hosta ali ndi mbale wake amene kwao n'konkuno ku Africa. Akatswiri a zomera amaika hosta m'banja limodzi ndi khonje, ndiponso ndi kachomera kena kamene ambiri tinakaonapo pakhonde kapena pa windo la ofesi osadziwa dzina lake. Kali ndi masamba aatali, opyapyala ngati udzu, opindikira pansi, okhala ndi mzere woyera. M'mabuku a sayansi amakatcha Chlorophytum comosum. Pa Chingerezi amati spider plant, poona kuti tiana take timalendewera ngati akangaude, pamene ku South Africa ali nalo dzina la Chiafrikaans lotanthauza nkhuku ndi anapiye ake. Kamamera kokha m'nkhalango za kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo woyamba kukalemba m'mabuku anali Carl Peter Thunberg wa ku Sweden m'chaka cha 1794, atayenda zaka zitatu m'dera la Cape. M'nkhani ino tizingokatcha kaduwa ka mizere.

Pa Nyimba

Nyimba ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa mlatho wa Luangwa, ndipo apaulendo amaidziwa chifukwa cha nthochi. Basi ikangoima, nthochi zimafika pa mawindo onse nthawi imodzi, aliyense akutamanda zake. Ife tinasiya phokoso la pamsewu n'kulowa m'tinjira ta kuseri kwa msika, kumene kuli nyumba za njerwa zofolera malata ndi zina zofolera udzu. Pa nyumba ina ya mitengo iwiri ya mango tinaona chimene tinkafuna. Bwalo linali losesedwa monga mwa mwambo, koma kum'mawa kwa mtengo waukulu kunali mzere wa zitini, zigubu zodulidwa pakati ndi mphika wosweka kukamwa, zonse zitakhala pa njerwa, ndipo zonse zitasefukira masamba a mizere yoyera.

"Odi, agogo! Tabwera kudzaona maluwa anu," tinatero.

"Lowani, ana anga. Maluwa ake ati? Awa ndi masamba chabe," anatiyankha akuseka, uku akutiyalira mphasa.

Agogowo anatifotokozera, m'Chinsenga chosakaniza ndi Chinyanja, kuti kachomera koyamba anapatsidwa ndi mnansi wao kali m'kachitini ka nsomba, ndipo zitini zonse tinaziona zija ndi zidzukulu za kameneko. Titawafunsa chifukwa chimene sanadzalire m'nthaka, anatilozera mizu ya mango imene inali kuonekera pamwamba pa dothi. Apa pali phunziro loyamba. Chimene chimapha zomera pansi pa mango kawirikawiri ndi njala ndi ludzu, pakuti mizu ya mtengowo imamwa madzi onse ndi chakudya chonse cha m'dothi la pamwamba. Chomera chikakhala m'chitini chimakhala ndi dothi lakelake. Njerwa za pansi zimathandiza kuti madzi otsala atuluke bwino pa zibowo, kuti mizu ya mango isalowemo, ndiponso kuti chiswe chizionekera msanga chikayamba kukwera.

Phunziro lachiwiri ndi malo amene zitinizo zinaikidwa. Sizinali pa tsinde, pamene mthunzi umachita mdima, koma kumapeto kwa nthambi, kumbali yotulukira dzuwa. Motero zimalandira kadzuwa kofewa ka m'mawa, ndipo pofika masana, pamene dzuwa la ku Nyimba limaswa mtengo, zimakhala zitabisika.

Kenaka agogo anapendeketsa chitini chimodzi n'kutulutsa chomera chonse ndi dothi lake. Mizu yake inali yoyera, yonenepa, yofanana ndi timbatata tating'ono. Imeneyi ndiyo nkhokwe ya madzi ya kaduwa kameneka. Awerengi akukumbukira chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa maboma 116 atakhudzidwa. M'chilimwe cha chaka chimenecho madzi anali a mzere wautali pa mjigo, ndipo palibe akanatunga ndowa yothirira maluwa. Agogowo ankangothira kamodzi pa sabata madzi otsukira ndiwo zamasamba. Masamba anatuwa n'kugwa mphwayi, koma mvula itabwera anadzukanso. Akulu akale ananena zoona kuti dzedzere-dzedzere salingana n'kugweratu.

Chinsinsi cha mzere woyera

Tisanapitirire ku Petauke, ndi bwino timvetse chimene chimachititsa kuti tsamba likhale la mawanga kapena la mizere, pakuti kasamalidwe konse kagona pamenepa, kaya ndi ka hosta wa ku Japan kaya ndi ka kaduwa kathu. Tsamba limabiriwira chifukwa cha chinthu china chokhala m'kati mwake chimene akatswiri amachitcha klorofilo. Ndi chimenechi chimene chimagwira kuwala kwa dzuwa n'kupanga chakudya cha chomera kuchokera ku madzi ndi mpweya. Mbali yoyera ya tsamba ilibe klorofilo. Siphika kanthu, imangodya zophikidwa ndi mbali yobiriwira. N'chifukwa chake chomera cha mizere chimakula mochedwerapo kuyerekeza ndi chinzake chobiriwira chonse, ndipo mbali yoyera ndiyo imayamba kupsa dzuwa likanyanya. Komanso mthunzi ukachita mdima kwambiri, mizere imazimirira, masamba n'kukhala ofooka. Chofunika ndi kuwala kochuluka kopanda dzuwa loomba, monga kumene munthu angawerengere kalata bwinobwino popanda kutsinzina.

Mitundu yodziwika kwambiri ya kaduwa ka mizere ndi iwiri. Wina uli ndi mzere woyera pakati pa tsamba, ndipo amautcha Vittatum. Wina uli ndi zoyera m'mphepete, ndipo amautcha Variegatum. Nthawi zina pa phata la chomera pamatuluka mphukira yobiriwira yonse. Mphukira yotere imakhala yamphamvu kuposa zinzake chifukwa tsamba lake lonse limagwira ntchito, ndipo ikalekereredwa imalanda chitini chonse, mizere n'kutha. Mwini munda ayenera kuizula ikadali yaing'ono, kapena kuidzala payokha. Pa chifukwa chomwechi, mbewu ya m'maluwa si yodalirika ngati tifuna kusunga mizere. Njira yabwino ndi ya tiana.

Kachomera kakakhwima kamatulutsa timapesi tatitali tokhala ndi timaluwa toyera, ndipo kumapeto kwake kumamera tiana ta masamba ndi timizu tawo. Tengani kachitini ka dothi lonyowa, kayandikitseni, khazikani kamwana pamwamba pa dothi n'kukapanikiza ndi kawaya kopinda kapena kamwala, osakadula kwa mayi wake. Pakapita masabata awiri kapena atatu kamakhala katagwira, ndipo pamenepo mungadule kaphesi kaja. Chomera chimene chadzaza chitini mpaka mizu kukankha dothi mungachigawenso pawiri kapena patatu ndi mpeni. Nthawi yabwino ya ntchito zimenezi ndi pamene mvula yayamba, m'Novembala ndi m'Disembala.

Ku Petauke

Kuchoka pa Nyimba msewu umanka nukwera pang'onopang'ono kwa makilomita pafupifupi 70, kudutsa mphambano ya ku Minga kumene kuli mishoni yakale ndi chipatala chake. Mapiri amachepa, minda imatambalala, ndipo mpweya umapepukirako. Boma la Petauke lili chapatali pang'ono kumpoto kwa msewu waukulu, pa malo okwera mamita pafupifupi 1,000. Kuno n'kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo, kumene Ansenga amachita mwambo wao wa Tuwimba m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene maso a aliyense amakhala kumwamba kuyembekeza mvula. Ndi dziko la chimanga, thonje, mpendadzuwa, makamaka nshawa.

M'dera lina la nyumba za pafupi ndi boma tinalandiridwa ndi bambo wina amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Kamunda kao kanali pakati pa khoma la kummwera kwa nyumba ndi mtengo wa mapeyala. Aphunzitsiwo anatikumbutsa chimene ana amaphunzira m'kalasi koma akulu timaiwala: popeza dziko lathu lili kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo khoma la kummwera limakhala mumthunzi. Koma kuyambira kumapeto kwa Okutobala dzuwa limafika pamutu penipeni, ndipo apo mtengo ndiwo umateteza.

Dothi lao analikonza motere: mbali ziwiri za dothi lakuda lochokera pamene masamba anaolerana, mbali imodzi ya mchenga wa kumtsinje, ndi mbali imodzi ya manyowa a ng'ombe kapena a mbuzi amene anaola mpaka kusiya kununkha. Manyowa aawisi amatentha mizu. Pansi pa chitini amaboola zibowo zinayi kapena zisanu ndi msomali, n'kuikapo timapale. Pamwamba pa dothi amayala makoko a nshawa, amene ku Petauke amangotayidwa milumilu nthawi yokolola ikatha. Makokowo amasunga chinyezi ndipo amaletsa dothi kuuma gwa. Feteleza wa kumunda sathira, kupatula timibulu towerengeka kamodzi mvula ikayamba, pakuti akachuluka amapsereza nsonga za masamba.

Za kathiriridwe, lamulo lao n'la chala. Lowetsani chala m'dothi. Ngati m'kati muli chinyezi, dikirani. M'chilimwe kapu imodzi kapena awiri pa chitini, kawiri kapena katatu pa sabata, n'zokwanira, ndipo nthawi yake ndi m'mawa kapena madzulo. Zomera za mtundu umenewu zimafa kawirikawiri ndi madzi ochuluka kusiyana ndi ochepa, popeza mizu yonenepa ija imaola ikakhala m'matope. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo ndi abwino, koma a sopo ndi a mchere ayi. Tinaona kuti masamba ena anali ndi nsonga zofiirira, ndipo aphunzitsi anafotokoza kuti madzi ena a pansi pa nthaka amakhala ndi mchere umene umaunjikana m'chitini. Mankhwala ake ndi kutulutsa zitini pa mvula yoyamba kuti dothi litsukike, ndi kudula nsonga zoumazo ndi sizasi.

Pambali pa kaduwa ka mizere anali ndi anzake awiri oyenera mthunzi wathu. Woyamba ndi chomera cha masamba olimba oimirira ngati malupanga, chimene ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti Sansevieria. Mtundu wake wa mphepete zachikasu, wotchedwa Laurentii, unapezeka ku Congo. Chimapirira ludzu kuposa zonse, koma chili ndi khalidwe lodabwitsa: mukadula tsamba n'kulidzala, chomera chatsopano chimatuluka chopanda chikasu chija, choncho njira yosungira mtundu ndi kugawa phata. Wachiwiri ndi coleus, wa masamba ofiira, achikasu ndi obiriwira, amene kanthambi kake kamamera mizu m'botolo la madzi pa sabata imodzi kapena awiri. Iyeyu ndi waludzu, motero amakoma m'dzinja. M'chilimwe ndi bwino kusunga zitini ziwiri zokha za mbewu.

Adani a kamunda

Ku Ulaya mdani wamkulu wa hosta ndi nkhono, ndipo kuno nkhono zathu zikuluzikulu za m'dzinja zimakonda malo omwewo a chinyezi ndi mthunzi. Zimadya usiku n'kubisala masana pansi pa zitini ndi njerwa. Palibe chifukwa chogulira mankhwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tulukani chakumadzulo mvula itagwa, zitoleni, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukatha. Chiswe chimakopeka ndi makoko ouma, choncho muzisuntha zitini kamodzi pa sabata n'kuona pansi pake. Mukapeza tinjira ta dothi, tiphwanyeni n'kuwaza phulusa pa njerwa. Nkhuku zimapalasa dothi ndipo mbuzi zimabudula masamba. Kampanda ka bango kapena ka nsungwi kofika m'chiuno n'kokwanira, kapena kupachika zitini pa nthambi ndi waya, kumene tiana timalendewera mokongola.

Palinso zinthu ziwiri zimene zikukhudza moyo wa banja. Choyamba ndi udzudzu. Chigawo chathu cha kum'mawa chimavutika ndi malungo chaka chilichonse, ndipo madzi oima m'mbale ya pansi pa chitini, m'tayala lakale kapena m'botolo loiwalika amasanduka malo oswanirana udzudzu. Pasakhale madzi ogonera m'kamunda. Chachiwiri ndi njoka ndi zinkhanira. Makolo athu sanayambe kusesa bwalo chifukwa chodana ndi maluwa. Bwalo loyera limaonetsa mkukuluzi wa njoka ndipo limatchinga moto wa kutchire. Mwambo umenewu ndi wanzeru ndipo usathe. Mabanja onse amene tinawayendera anaika zitini mbali imodzi yokha, kutali ndi khomo ndi pamene ana amaseweretsa, motalikirana kuti tsache lizidutsa pakati.

Chikomekome cha mkuyu

Si chomera chilichonse cha masamba okongola chimene chili choyenera pakhomo la ana aang'ono. Pa makonde ambiri m'matauni athu pamaoneka chomera cha tsinde lonenepa ndi masamba aakulu a mawanga oyera chotchedwa Dieffenbachia, ndi china cha masamba ofiira ndi oyera ofanana ndi a koko chotchedwa Caladium. Zonse ziwiri zinachokera ku maiko otentha a ku America ndipo zimakonda mthunzi. Koma m'madzi ake muli tinthu tosaoneka ndi maso tosongoka ngati singano. Mwana akatafuna tsamba, m'kamwa mumatentha, lilime ndi milomo zimatupa, ndipo nthawi zina amalephera kulankhula kapena kumeza. Zikachitika, mutsukeni m'kamwa ndi madzi ozizira, ndipo ngati kutupa kukukula kapena akupuma movutika, thamangirani naye kuchipatala mutatenga tsamba lomwelo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amene ali nazo zomerazi aziike pamene mwana wokwawa sangafike. Kaduwa ka mizere kalibe ululu wotere, ndipo ichi n'chifukwa china chimene tikukayamikirira.

Ena amanena kuti kaduwa kameneka kamayeretsa mpweya m'nyumba. Mbiriyi inachokera ku kafukufuku wa bungwe la NASA la ku America wa m'chaka cha 1989, amene anachitikira m'timabokosi totsekedwa. Akatswiri amene anaunikanso nkhaniyi m'chaka cha 2019 anapeza kuti m'nyumba yeniyeni pangafunike zomera zochuluka kwambiri kuti zichite zimene windo lotsekula limachita. Tsono amene amaphikira pa mbaula asadalire duwa, atsekule mawindo. Phindu la kachomeraka ndi kukongola kwake, ndipo limenelo n'lokwanira.

Mthunzi nawo ufuna mlonda

Pa msewu wonse kuchokera ku Luangwa kufika ku Petauke tinaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali, akuyembekeza malole opita ku Lusaka. Sitikuweruza anthu amene amaotcha makala, pakuti m'chaka cha njala thumba limodzi ndilo ufa wa ana. Koma thumba lililonse linali mtengo, ndipo kamunda kamene takamba sikangakhalepo popanda denga la masamba pamwamba pake. Mango wodzalidwa lero amafuna zaka zisanu kapena kuposerapo kuti apereke mthunzi woti munthu n'kukhalapo. Nkhwangwa imaugwetsa m'mawa umodzi. Mitengo ya mango imene ikuteteza midzi ya ku Nyimba ndi ku Petauke inadzalidwa ndi anthu amene ambiri a iwo anapita kale, ndipo ife tikukhala pa mthunzi wa ntchito yao.

Amene ali ndi malo aganizirenso za msangu, mtengo wathu wa makhalidwe osiyana ndi inzake. Iwo umayoyola masamba m'dzinja, n'kubiriwira m'chilimwe pamene mitengo ina ya m'tchire ili mbulanda. Motero umapereka mthunzi pa nthawi imene ukufunika koposa, ndipo masamba ake amanenepetsa nthaka, monga alimi amene amalima chimanga pansi pake akudziwira. Popeza uli ndi minga ndipo umakula kwambiri, malo ake ndi kumalire kwa bwalo kapena kumunda. Bwemba, mkuyu ndi mapeyala nayonso ndi mitengo ya mthunzi wabwino.

Awerengi okondedwa, mvula ya chaka chino ikayamba, yang'anani mtengo wa pakhomo panu ndi kupeza mbali imene dzuwa limafika m'mawa mokha. Funani chitini chakale, njerwa ziwiri ndi dothi la pansi pa masamba, ndipo pemphani kamwana kamodzi ka kaduwa ka mizere kwa mnansi amene ali nako. Sitinakumanepo ndi munthu wokana. Ntchito yothirira apatseni ana, kuti aphunzire lamulo la chala ndi kuleza mtima. Chaka chisanathe mudzakhala ndi tiana tokwanira kugawira ena, ndipo mugawe ndithu, pakuti kupatsa n'kuika: tsiku limene mbuzi zidzalowa m'kamunda kanu, mbewu mudzakaipeza kwa amene munampatsa. Ndipo pamene mukudzala kaduwa m'chitini, dzalaninso mtengo umodzi m'nthaka, kuti adzukulu anu adzapeze pokhala m'mwezi wa Okutobala.